Chitseko Chimene Chinalowa M'khonsolo

Olemekezeka Wapampando wa khonsolo yathu. Bwanamkubwa wa boma lino la Machinga pamodzi ndi anzawo a ku Balaka amene awoloka Shire m'mawa uno kudzakhala nafe. Olemekezeka aphungu a Nyumba ya Malamulo. Mafumu athu akuluakulu ndi nduna zanu. Makhansala a maboma onse awiri. A Shehe, ansembe ndi abusa. Akuluakulu a polisi ndi a khoti. Atsogoleri a msika wa Ntaja. Inu a kabaza amene mwaimika njinga zanu pa nthawi imene makasitomala amachuluka. Eni nyumba nonse amene mwakhala mbali iyi, ndi inu ochita lendi amene mwakhala mbali iyo, ngakhale palibe amene anakuuzani kuti mukhale motalikirana chotero. Amayi ndi abambo, ndikupatsani moni nonse. Asalamu alaikumu. Mtendere wa Ambuye ukhale nanu.

Ndiyambe ndi kuthokoza chifukwa cha ulemu umene mwandipatsa. Kalata yondiitana kuti ndidzakhale mlendo wolemekezeka itafika kunyumba, ndinaiwerenga kawiri, kenako ndinawafunsa mayi a kunyumba ngati a khonsolo sanasokoneze mayina. Pakuti ine Elliam Nampuluma, amene mwandikhazika pa mpando wa khushoni lero, ndine munthu yemwe uja anaimirira kawiri konse m'khonsolo, pamene ndinali khansala komanso wapampando wa komiti ya zachuma, kukana kuti ofesi yoyanjanitsa eni nyumba ndi ochita lendi ipatsidwe ngakhale tambala imodzi. Sekani ndithu, zinalembedwa m'mabuku a khonsolo, sindingazifufute. Mayi a kunyumba anangoti, "Pitani, mwina akufuna mukapepese pagulu." Ndiye ndabwera.

Ambiri mumandidziwa ngati kalipentala wa kuseri kwa msika kuno, koma kwathu ndi ku Nkaya, ndipo ntchito ndinaphunzirira kumeneko. Ndili wachinyamata, ntchito imene inkandidyetsa kwambiri sinali yokhoma mipando iyayi. Inali yogulula zitseko. Mwezi ukatha, mwini nyumba amene sanalandire lendi ankabwera ku shedi kwanga n'kunena kuti, "Tenga zida zako, tiye." Mahinjesi atatu, mphindi zisanu, chitseko chili paphewa. Wochita lendi uja akathamangathamanga n'kupeza ndalama, ankandiitananso ine ndemwe kuti ndikabwezeretse. Chitseko chimodzi ndinkadyapo kawiri. Pogulula ndinkayang'ana mahinjesi okha, nkhope za anthu okhala m'nyumbamo sindinkaziyang'ana, ndipo ndinkagona tulo tabwino. Ndikunena izi pamaso pa a Shehe ndi abusa, ndipo ndikuchita nazo manyazi.

Tsono zaka zitatu zapitazo, mayi Zelifa, khansala mnzanga amene akhala kutsogolo apawa, anabweretsa nkhani m'khonsolo. Anati m'matauni athu ang'onoang'ono nyumba za lendi zachuluka ngati bowa, mikangano yachuluka nazo limodzi, koma malo okakambirana palibe. Anapempha kuti khonsolo ipatule ndalama zotsegulira ofesi, kulipira mlembi mmodzi ndi kuphunzitsa anthu oyanjanitsa. Ine ndinaimirira, bajeti ili m'manja, ndipo ndinalankhula bwino kwambiri tsiku limenelo, ndisakunamizeni. Ndinati mijigo ku Chikweo yafa, zimbudzi za msika zadzaza, milatho ikukokoloka chaka ndi chaka. Ndinafunsa kuti ndalama ya anthu onse ilowerera bwanji nkhani ya anthu awiri amene anagwirizana okha kuseri kwa nyumba popanda kuitana khonsolo. Anzanga anandiwombera m'manja, nkhani inakankhidwira msonkhano wotsatira.

Msonkhano wachiwiri unali wotentha kuposa woyamba. Eni nyumba anatumiza nthumwi kudzanena kuti iyi ndi njira yowalembera mayina kuti awakwezere msonkho. Ochita lendi nawo anatumiza uthenga wakuti ofesiyo idzakhala bwalo la alandilodi, popeza theka la makhansala ali ndi midadada ya nyumba. Wina anati zipite kupolisi, wina anati kukhoti, wina anati mafumu alipo. Mayi Zelifa anayankha mmodzimmodzi mpaka mawu anawathera pakhosi. Ine ndinakananso. Tinabalalika dzuwa litapendeka, anthu ena osapatsana ndi moni, ndipo tinagwirizana kuti pa msonkhano wachitatu tidzavote, nkhaniyi ife kapena ichire.

Kutatsala masiku awiri kuti tikavote, linali Lolemba la mwezi wa Febuluwale, mvula ikugwa ya tsiku ndi tsiku, kunafika kabaza ku shedi kwanga atamangirira chitseko pakaliyala. Pambuyo pake ankabwera Che Usumani, bambo wachikulire amene ali ndi nyumba ziwiri za lendi kumtunda kwa mzikiti uko. Ndi awo avala kofiya yoyera, andilola kuti ndinene nkhaniyi.

Anati, "A khansala, ndigulireni chitseko ichi. Tenanti wanga watha miyezi itatu osalipira. Ndagulula masiku khumi apitawo kuti mwina achite manyazi, koma ndalama sizikubwera, ndipo mankhwala anga a shuga atha."

Ndinachitembenuza chitseko chija. Amisiri amene muli pano mukudziwa, mmisiri saiwala dzanja lake. Anali matabwa a mbawa amene ndinapala ine, ndipo pansi pake panali kachizindikiro kamene ndimadinda pa katundu wanga. Ndinati, "Che Usumani, chitsekochi anagula ndani?"

Anayankha osaphethira, "Malemu akazi anga, a Mwanaidi. Zonse za nyumba zimenezi ankayendetsa ndi iwo."

Koma ine ndinkakumbukira bwino lomwe. Chitseko chimenecho anagula ndi mayi Fauziya Abiti Hamisi, amene amagulitsa matemba a ku Chiuta mumsika muno, wochita lendi m'nyumba ya Che Usumani yemweyo. Anandilipira katatu, ndipo gawo lomaliza anamalizira ndi dengu la matemba. Ndinawauza Che Usumani kuti asiye chitsekocho, ndiwayankha mawa, ndipo ndinanyamuka kupita kukaona nyumbayo.

Olemekezeka, zaka zonse zimene ndinagulula zitseko, sindinabwererepo kukaona mmene nyumba imakhalira chitseko chitachoka. Tsiku limenelo ndinaona. Pakhomo anapachikapo mphasa, ndipo mphasayo inali itanyowa mpaka kuda. Madzi anali atalowa mpaka kuchipinda. Matumba awiri a matemba, mpamba wonse wa mayi uja, limodzi linali litachita nkhungu, lina agalu anali ataliboola. Ana awo aakazi awiri sankapitira limodzi kusukulu, ankasinthana, wina azilondera nyumba. Mayi Fauziya anandilandira ndi ulemu wonse, kundipatsa mpando m'nyumba imene aliyense wodutsa mumsewu ankaona mkati mwake.

Anandiuza kuti, "Bambo, ine sindinakane lendi. Ndikulowa muno munali kachitseko kofumbwa, kotsekera ndi mwala. Ndinagwirizana ndi malemu mayi Mwanaidi kuti ndigule chitseko chabwino, ndalama yake idzadulidwe pa lendi nthawi imene geni idzavute. Chaka chino geni yavuta, ndiye ndimati tikudula."

Ndinafunsa ngati analemberana. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. Anati, "Ndikanawapempha pepala mayi aja? Munthu amene ankanditcha mwana wake, amene anandisungira ana ine ndili kuchipatala? Akanati ndikuwayesa wakuba."

Ndinafunsanso kumene anakadandaula. Anati kupolisi anawalandira bwino, koma anawauza zoona, kuti nkhani ya lendi si mlandu waupandu, njira yake ndi kukhoti. Kukhoti kumafunika ndalama yolembetsera ndi masiku odikira, pamene iwo tsiku limodzi losapita kumsika ndiye kuti ana agona ndi njala. Ndipo anawonjezera mawu amene sindidzawaiwala. Anati, "Komanso ine sindikufuna kuwamangitsa bambo aja. Ndikungofuna wina atikhazike pansi."

Mawa lake ndinawakhazika pansi, pa benchi ya ku shedi kwanga, pakati pa utuchi. Ndinachitira umboni kuti chitseko anagula ndi Abiti Hamisi, ndiponso kuti tsiku losankha matabwa anabwera limodzi ndi malemu mayi Mwanaidi, amene anandinenerera mtengo mpaka ndinatuluka thukuta. Che Usumani atamva zimenezo anasisita chitseko chija ndi dzanja. Kenako misozi inatsika, nati, "Ndiye kuti ndagulula pangano la akazi anga." Panalibe wabodza pa anthu awiriwa. Wina ankafuna mankhwala, wina ankasunga pangano, ndipo munthu yekhayo amene ankadziwa mbali zonse ziwiri anali kumanda. Tinagwirizana kuti chitseko chilowe m'malo mwa lendi ya miyezi iwiri, mwezi wachitatu ulipidwe kawiri, theka sabata yomweyo kuti mankhwala agulidwe, theka mwezi ukatha. Tinalemba mapepala awiri, aliyense lake. Zonsezi zinatitengera maola awiri ndi makapu atatu a tiyi.

Madzulo omwewo ndinakakhoma chitseko china pa nyumba ya mayi Fauziya, chongobwereka, ndipo ndinawapempha onse awiri kuti chawo chija andibwereke tsiku limodzi. Lachitatu m'mawa ndinachikweza pa minibasi, kondakitala anandilipiritsa ngati anthu awiri, mpaka ku boma. Mlonda wa pageti anandifunsa kuti, "A khansala, lero mwabwera kudzakhoma kapena kudzavota?" Ndinati zonse ziwiri. Ndinalowa nacho m'chipinda cha msonkhano ndi kuchitsamiritsa pa tebulo la Wapampando. Amene munalipo mukukumbukira phokoso lake.

Ndinawafotokozera anzanga zimene ndakufotokozeraniyi. Ndinati, "Mlandu uwu watha chifukwa cha mwayi basi, chifukwa chitseko chinasochera n'kubwerera kwa amene anachipanga. Chikanapita kwa kalipentala wina, lero chikanakhala pa nyumba ya munthu wina, mayi uja akanakhala panja ndi ana ake, ndipo bambo uja akanadya ndalama ya tchimo osadziwa. Kodi anthu athu azidalira mwayi? Ndinakana kawiri, lero ndikubweza mawu anga."

Mayi Zelifa anaimirira pang'onopang'ono, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "A Nampuluma, miyezi isanu ndi umodzi ndakhala ndikulankhula ine munthu, simunamve. Lero lalankhula thabwa, mwamva." Eee, ombani m'manja, anandigonjetsa ndithu.

Koma musaganize kuti nkhondo inathera pomwepo. Funso lakuti ndalama zichokera kuti linali likadalipo, ndipo linali funso loona, chifukwa mijigo ija inali ikadali yakufa. Ena anati wodandaula azilipira pobwera. Mayi Zelifa anati munthu amene walephera lendi mukamuikira mtengo pakhomo la ofesi, mwamutsekera kunja kachiwiri. Ena anati eni nyumba azisonkha. Tinaona kuti akatero adzati ofesi ndi yawo, kapena adzangokweza lendi kuti abweze. Tinakangana mpaka nthawi ya chakudya inadutsa. Pomaliza tinagwirizana zinthu ziwiri. Choyamba, kagawo kochepa ka ndalama za ziphaso za m'misika kazipita ku ofesi imeneyi chaka ndi chaka, popeza ogulitsa mumsika ambiri ndi omwewo ochita lendi ndi eni nyumba. Chachiwiri, ndipo apa ndipamene panawawa, makhansala tinavomera kudula msonkhano wathu umodzi umene unayenera kukachitikira kuhotela, ndalama yake igule malata ndi simenti. Ndinaona amuna akuluakulu akukweza manja ngati mkono wathyoka, koma anakweza. Nkhani inadutsa ndi kusiyana kwa mavoti awiri okha. Mijigo nayo sitinaitaye, inalowa m'bajeti yomweyo.

Mavoti awiri amenewo ndi amene asanduka ofesi imene yaima kumbuyo kwangaku lero, ndi khonde lake, ndi mabenchi ake, ndi utoto wake wonunkhira. Tapambana, anthu a ku Ntaja! Tinakangana poyera, tinagonjetsana poyera, ndipo chimene chatuluka ndi cha tonse. Ndikuthokoza mayi Zelifa amene sanatope pamene ife tinkawatopetsa. Ndikuthokoza ogwira ntchito ku khonsolo amene anasunga ndalamayi osaikhotetsera kwina. Ndikuthokoza a khoti amene anaphunzitsa oyanjanitsa athu kwa masabata atatu, mafumu amene anapereka malo, ndi amayi a mumsika amene anatunga madzi omangira popanda kufunsa malipiro. Anzathu a ku Balaka, mwatiuza kuti khonsolo yanu yayamba kale kukambirana zotsegula ofesi yotere ku Nkaya. Mukadzakumana ndi khansala wouma mutu ngati ine, musadzataye mtima, mudzangonditumizira uthenga ndidzabwere kudzamuona.

Tsono mundimvetsetse za ntchito ya ofesi ino, kuti mawa wina asadzanamize anzake. Ino si khoti, simudzamangidwa munthu muno. Si ofesi ya msonkho, palibe amene adzawerenge nyumba zanu. Mudzapeza anthu asanu ndi mmodzi, atatu osankhidwa ndi eni nyumba, atatu osankhidwa ndi ochita lendi, pamodzi ndi mlembi. Azikhala Lolemba ndi Lachinayi. Kudandaula ndi kwaulere. Nkhani ikakanika pano, adzakulemberani kalata yopita nayo kukhoti, ndipo mudzapita mutadziwa kale chimene mukukanganirana.

Inu eni nyumba, ndikudziwa kuti nyumba zimenezo simunatole. Ena munagulitsa thonje zaka zisanu kuti mufolere, ena ndi penshoni yanu yonse, ena ndi chimene anakusiyirani amuna anu. Lendi ikachedwa, ndi mankhwala anu amene achedwa, ndi fizi ya mwana wanu imene yachedwa. Ufulu wanu ulipo, ndipo ofesi ino idzakuthandizani kuupeza. Koma kugulula chitseko, kusasula malata, kutulutsa katundu wa munthu pamvula, zimenezo zithe lero. Amisiri anzanga, wina akadzabwera kudzakutengani kuti mukagulule, mudzamulozere njira ya kuno. Ndalama imeneyo ndinaidyapo ine, siinandinenepetse.

Inunso ochita lendi, musamwetulire kwambiri, ndikubwera kwa inu. Ofesi ino sinamangidwe kuti muzibisalamo. Mwezi ukavuta, pitani kwa mwini nyumba tsiku lisanakwane mukanene, osati kumazemba pakhomo ngati mwaona ngongole ikuyenda ndi miyendo. Ena mumasamuka osatsanzika, kusiya mawindo osweka ndi bilu ya madzi. Zimenezonso zithe lero. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, ndipo ambiri mwa inu mukuumba kale njerwa kuti nanunso mudzakhale alandilodi.

Ndipo nonse awiri, lemberanani. Ndikudziwa mwambo wathu, timaona ngati kupempha pepala kwa munthu amene timapemphera naye limodzi, amene timadya naye pa Idi ndi pa Khirisimasi, ndi kumunyoza. Abiti Hamisi ndi malemu mayi Mwanaidi ankakondana ngati mayi ndi mwana, ndipo chikondi chimenecho n'chimene chinawaletsa kulemba. Koma anthufe timadwala, timaiwala, timamwalira, ndipo otsala sangakafunse kumanda. Mlembi wa ofesi ino ali ndi mapepala a pangano m'Chichewa ndi m'Chiyao. Mukakonza chimbudzi, lembani. Mukalipira ndi thumba la chimanga kapena dengu la nsomba, lembani. Ngati ndinu msodzi kapena mlimi amene ndalama imabwera pa nyengo yake, nenani poyamba pomwe, pangano likhale la nyengo, osati la mwezi.

Mwina mukufunsa kuti mayi Fauziya ali kuti lero. Akukhalabe m'nyumba yomwe ija, ana awo onse awiri ali kusekondale, ndipo Che Usumani sanaphonyenso mankhwala. Koma si zokhazo. Ochita lendi a kuno atakumana kuti asankhe anthu awo atatu, dzina loyamba kutuluka linali la mayi Fauziya, ndipo anzawo asanu aja anawasankha kukhala wapampando wa oyanjanitsa. Mayi Fauziya, taimirirani anthu akuoneni. Amayi, nthungululu zija zili kuti?

Khalani pansi mayi, koma musapite patali, chifukwa ndili ndi kalata ina m'thumba muno. Iyi inafika dzulo. Olemekezeka Wapampando, ndiloleni ndiiwerenge. Ikuti: "Kwa bambo Elliam Nampuluma. Mukuitanidwa ku ofesi yoyanjanitsa eni nyumba ndi ochita lendi Lolemba likubwerali, nthawi ya 9 koloko m'mawa. Bambo Pitala, mphunzitsi amene akuchita lendi m'nyumba yanu, adandaula kuti denga likudontha kuyambira chaka chatha, ndipo mwakhala mukuwauza kuti mubwera mawa. Nkhani nambala wani." Pansi pake pasainidwa kuti Fauziya Hamisi, wapampando.

Mwamva nokha. Inde, nanenso ndili ndi kanyumba ka lendi, ndipo a Pitala sakunama, ndi awo akubisala kumbuyo kwa a Shehe. Kalipentala wathunthu, denga la tenanti wake likudontha! Nditawerenga kalatayi ndinapsa mtima kwa mphindi zingapo, ndisabise. Kenako ndinakhala pansi n'kuseka mpaka misozi, ndipo inali misozi ya chimwemwe. Mayi amene zaka zitatu zapitazo analibe poti n'kukadandaula, lero akuitanitsa mlendo wolemekezeka, ndipo mlendo wolemekezekayo alibe pothawira. Mayi wapampando, Lolemba ndidzafika nthawi isanakwane. Sindidzakhala pa khushoni, ndidzakhala pa benchi ngati wina aliyense, ndidzadikira mpaka mutanditchula dzina, ndipo chimene mudzagamule ndidzachita.

Ndi mtima wodzaza, m'dzina la khonsolo yathu ndi la anthu onse a maboma awiriwa, ine amene ndinaikana kawiri ndipo ndidzakhala woyamba kuweruzidwa m'menemo, ndikulengeza kuti ofesi yoyanjanitsa eni nyumba ndi ochita lendi ya pano pa Ntaja yatsegulidwa kuyambira lero.

Sikomo kwejinji. Mulungu akudalitseni nonse. Zikomo kwambiri.